Kandege kophunzirira kugwa

Kuno ku Manyamula ndege timaionera patali, kadontho konyezimira kosiya kamzere koyera m'mitambo, ana n'kumakathamangira akukuwa kuti kawatenge kupita ku Joni. Sinali nkhani yoti akuluakulu n'kukhalira pansi. Zinasintha pa 10 Juni 2024, tsiku limene ndege ya asilikali athu ya mtundu wa Dornier 228 inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, n'kukagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Munafera Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Chikangawa si kwachilendo kwa ife. Matabwa a madenga athu ambiri anachokera komweko, ndipo aliyense amene anakwerapo basi ya ku Mzuzu amachidziwa chifunga chake.

M'masiku a maliro amenewo mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 3, anandifunsa tikutonola chimanga pakhonde: "Asibweni, kodi munthu amayamba bwanji kuyendetsa ndege? Tsiku loyambalo amangomupatsa, iye n'kunyamuka?" Funsolo linandituma kufufuza, ndipo kufufuzako kunandifikitsa pa kandege kena ka ku Italy kotchedwa SF.260, kamene anansi athu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe akhala akuphunzitsira asilikali awo a m'mlengalenga kwa zaka zochuluka. Ife Lundazi tili naye pafupi kuposa Lilongwe, choncho za ku Zambia sindizitenga ngati za kutali. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti zambiri zimene ndinawerenga zinkandikumbutsa khola la ng'ombe la malemu adada.

1. Wamkulu amayambira m'kachinthu konyozeka.

Anakonza kandegeka ndi injiniya wa ku Milan, Stelio Frati, amene anabadwa mu 1919 n'kumwalira mu 2010. Anali atatchuka kale ndi kandege kena kamatabwa kotchedwa Falco, kamene kanauluka koyamba mu 1955. Katsopanoka anakapanga ndi chitsulo chopepuka, ndipo kanauluka koyamba pa 15 Julayi 1964, patangopita masiku asanu ndi anayi Malawi atalandira ufulu. Pa nthawiyo kankatchedwa F.250 chifukwa injini yake inali ya 250 horsepower. Atakaika injini ya Lycoming ya 260 horsepower nambalayo inasintha, ndipo kampani ya SIAI-Marchetti itatenga ntchito yokapanga, dzina linakhazikika kuti SF.260: S ya SIAI, F ya Frati.

M'litali ndi kamamita 7 okha, mapiko ake kuchokera nsonga kufika nsonga ndi mamita 8 ndi pang'ono. Injini ndi imodzi, pulopela kutsogolo, timathanki ta mafuta kunsonga kwa mapiko, matayala atatu amene amapindikira mkati kakanyamuka. Pabwalo la mpira la sukulu ya pulayimale mungaimikepo tambirimbiri. Komabe kamathamanga makilomita oposa 300 pa ola. Ulendo wa ku Lilongwe umene umatidyera tsiku, iko sikangathe n'ola lomwe. Tindege totere toposa 800 tinapangidwa, ndipo asilikali a mayiko oposa makumi awiri anatigula.

Palibe boma limene limapereka ndege yaikulu yankhondo kwa munthu amene sanavutikepo m'kandege ngati aka. Anyamata athu ambiri lero amachita manyazi kuyamba ndi benchi la tomato pamsika wa Manyamula. Akufuna golosale ya malata tsiku loyamba lomwe. Benchi lija ndi pamene munthu amaphunzira kuwerenga chenji, kukana ngongole kwa wachibale, ndi kudziwa kuti katundu wowola amalowa m'thumba la ndani.

2. Mphunzitsi akhale pambali, phewa kukhudza phewa.

Ndege zambiri zophunzitsira asilikali zili ndi mipando yondondozana: wophunzira kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo, wophunzirayo n'kumangomva mawu m'makutu. Mu SF.260 awiriwa amakhala mogundizana pansi pa denga limodzi lagalasi, kumbuyo kuli kampando kachitatu. Aliyense ali ndi ndodo yake yowongolera ndi zopondera zake, koma n'zolumikizana: wina akasuntha yake, ya mnzake imasunthanso. Mphunzitsi akamaonetsa kakhotedwe, wophunzira amangogwira ndodo yake mopepuka n'kumamva m'dzanja mmene katswiri akuchitira. Mphunzitsi nayenso amaona zonse: kumene maso a wophunzira akuyang'ana, zala zikauma ndi mantha, thukuta likayamba kutsika.

Adada akafuna kuphunzitsa ng'ombe yaing'ono kukoka ngolo, ankaimanga goli limodzi ndi ng'ombe yakale yofatsa. Yaing'onoyo inkadumpha, kukokera kutchire, nthawi zina kugona pansi dala. Yakaleyo inkangoyenda m'njira yake, osafulumira, osaima, mpaka khosi la yaing'ono lija litamva lokha kuti goli limapepuka mukamayendera limodzi. Chikwapu chinalipo, koma sindikumbuka kuti chinaphunzitsapo ng'ombe kukhota bwino pamphambano. Inkaphunzira kwa inzake.

Kuno ku Mzimba ana ambiri akuleredwa pa foni. Bambo ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndalama zimabwera pa Mukuru, malangizo amabwera pa WhatsApp. Sindikuwadzudzula abambowo, umphawi ndi umene unawaolotsa Limpopo, monga unaolotsera azigogo athu pa nthawi ya Wenela. Koma mawu a pa foni saona zala za mwana zikunjenjemera. Kale mnyamata ankakhala pa sangweni, pakhomo la khola, akuona amuna akusema mpini, akuweruza mlandu, akugawa nyama. Mtsikana ankakhala pambali pa ankhazi ndi agogo. Mpando wapambali uja m'midzi yambiri uli wopanda munthu, ndipo ife asibweni, azigogo ndi aphunzitsi amene tatsala kumudzi ndife tiyenera kukhalapo.

3. Kupatsana chiwongolero kumafuna mawu omveka.

M'ndege ya ndodo ziwiri muli lamulo losasweka. Mphunzitsi akamasiya, amanena mokweza kuti wapereka, wophunzira n'kuyankha mokweza kuti walandira. Amaopa kamphindi kamene aliyense angaganize kuti mnzake ndiye akuyendetsa, ndege n'kumayenda yopanda mwini. Minda ingati yagonera, agogo angati agona ndi njala, ana amasiye angati asiya sukulu chifukwa wa ku Joni ankati ayang'anira a kumudzi, a kumudzi ankati atumiza wa ku Joni?

4. Kugwa kumaphunziridwa uli pamwamba.

Munthu akaona kandege kakugudubuzika m'mlengalenga, kakuuluka chagada, kakukwera n'kudzitembenuza ngati kabawi, amayesa ndi masewera osangalatsa anthu. Ku Belgium gulu la asilikali lotchedwa Red Devils linkaonetsadi masewera otere ndi SF.260 zopakidwa utoto wofiira. Koma kusukulu ya ndege cholinga chake n'china. Amafuna kuti wophunzira azolowere ndege ili mmene siyenera kukhalira, mutu pansi, dziko kumwamba, kuti zikadzachitika mwangozi asadzazizidwe nkhongono.

Phiko limanyamula ndege chifukwa cha mphepo yoyenda mosalala pamwamba ndi pansi pake. Ukakweza mphuno ya ndege mopitirira muyeso, makamaka liwiro litachepa, mphepo ija imasokonekera, phiko n'kuleka kunyamula. Oyendetsa ndege amati stall. Phiko limodzi likaleka msanga kuposa linzake, ndege imagwa chamutu ikuzungulira ngati nguli, ndipo amati spin. Oyendetsa ndege ambiri anafa nazo zimenezi. Ndiye mphunzitsi amachita chinthu chimene poyamba chinandiwopsa nditachiwerenga: amamutengera wophunzira pamwamba kwambiri, amayang'ana bwino kuti pafupi palibe ndege ina, kenaka n'kuigwetsa dala. Amaiwongola yekha wophunzira akuona. Amakweranso, n'kuigwetsanso. Kachitatu amati, "Wongola wekha." Kutalika kuja ndi kumene kumapereka nthawi yolakwitsa, yochita mantha, yokumbukira, ndi yakuti mphunzitsi alande ndodo zikavuta. Zomwezo zikachitikira pafupi ndi nthaka, palibe nthawi ya chilichonse.

Makolo athu ankazidziwa izi. Masanje sanali masewera chabe: mtsikana ankapsereza nsima m'kamphika kakang'ono pamene banja silinkadalira nsimayo. Mnyamata ankayamba ndi kuweta mbuzi ndi ana a ng'ombe, n'kutayako imodzi, n'kukaifuna usiku akulira, asanamupatse khola lonse. Ife a masiku ano tazitembenuza. Mwana timamutchinga ku cholakwa chilichonse, ndalama sitimugwiritsa, chosankha timamusankhira, kenaka tsiku lina timamukweza basi ya ku Beitbridge. Kugwa kwake koyamba kumachitikira pafupi ndi nthaka, kudziko la eni, popanda womulanda ndodo.

Ine ndemwe ndinalakwapo pamenepa. Mwana wanga woyamba sindinamulolepo kugulitsa ngakhale thumba limodzi la soya. Ndinkaopa kuti amubera pa sikelo. Malipiro ake oyamba ku Joni anatha mwezi usanafike pakati, ndipo ngongole imene analowa inamutengera chaka kuti aimalize. Akanaberedwa pa thumba limodzi kuno, ine ndili pambali pake, likanakhala phunziro lotsika mtengo. Mpatseni mwana kachigawo ka dimba. Mlekeni abzale mochedwa, agulitse motchipa, alire. Madzulo ake khalani naye pansi muwerengere limodzi pamene zinalakwika.

5. Dzanja la munthu wamantha limakokera kolakwika.

Ndege ikamagwa, thupi lonse limafuna kukoka ndodo kuti mphuno ikwere. Kukoka kumeneko ndi kumene kumaisunga m'ngozi, chifukwa vuto linayamba ndi mphuno yokwera kwambiri. Njira imene amaphunzitsa kawirikawiri ndi iyi: chepetsa mphamvu ya injini, ponda chopondera cha mbali yosiyana ndi kumene ndege ikuzungulirira, kankhira ndodo kutsogolo kuti mphuno iloze pansi, kuzungulira kukaleka bweza mapazi pakati, liwiro likabwerera ndiye ukoke pang'onopang'ono. Munthu akuona nthaka ikubwera, n'kumuuza kuti aloze pansi pomwepo! Koma phiko silinyamulanso mpaka litagonja.

Munthu wa ngongole amatenga katapila wina kuti abweze woyamba, n'kugulanso suti kuti anthu asadziwe. Wa ku Joni amene ntchito inamuthera amaopa kubwera chimanjamanja, amakhala zaka mpaka kumudzi am'tcha mtchona, kapena abwera m'bokosi limene abale asonkherana. Banja likugwedezeka, aliyense akukweza mawu. Konseko ndi kukoka ndodo. Kupulumuka kumayamba munthu akavomera kutsika: kugulitsa njinga yamoto n'kubweza za eni, kukwera basi yobwerera ndi kachikwama kamodzi, kukagwada kwa akuluakulu a banja n'kunena kuti ndalephera. Pamenepo amataya ndithu ulemu wina, monga ndege imataya mamita ambiri isanawongoke. Chifukwa chake kuli bwino kugonja msanga, mpata ukadalipo.

6. Limbitsa phiko usanawonjeze katundu.

SF.260 zoyambirira zinali za anthu wamba okonda kuuluka. Asilikali atazifuna, cha m'ma 1970 kunabwera mtundu wotchedwa SF.260M, umene anaulimbitsa mapiko ndi thupi kuti upirire nkhanza za ophunzira. Mayiko ankawonjezera chilembo chawo: MB ya Belgium, MP ya Philippines, MT ya Thailand, MZ ya Zambia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera SF.260TP ya injini ya turboprop ya Allison, yamphamvu kuposa yakale ija. Kampani inasintha manja, Aermacchi inaitenga mu 1997, lero dzina ndi Leonardo, koma maonekedwe amene Frati anajambula sanasinthe kwenikweni.

Kulimbitsako kunali ndi chifukwa. Ndege ikakhota mwamphamvu kapena ikamatuluka m'kugwa, chilichonse chili mkati chimalemera kangapo. Kandegeka kamaloledwa kufika kasanu ndi kamodzi. Munthu wa makilogalamu 70 amamva ngati akulemera 420, kuposa matumba asanu ndi atatu a chimanga. Magazi amathawa kumutu, maso amachita mdima, ndipo wophunzira amaphunzitsidwa kuumitsa miyendo ndi mimba kuti asakomoke. Phiko nalo limasenza zomwezo. Ife timakonda kuika ukomiti, usungichuma wa mpingo, ngakhale ukwati, pa munthu amene sitinamuyesepo ndi kakang'ono, ndipo akathyoka timadabwa.

7. Luso silisankha mbuye.

Mu 1972 kunatuluka SF.260W, imene anaitcha Warrior. Ndi kandege komweko, koma pansi pa mapiko anaikapo zokolekera mfuti, maroketi ndi timabomba, katundu wofika makilogalamu 300. Libya, imene inagula zoposa 200, inazigwiritsa ntchito pa nkhondo ya ku Chad. Kufupi kuno, boma la Ian Smith ku Rhodesia, ngakhale linali loletsedwa ndi United Nations kugula zida, linazembetsa ndegezi m'njira zobisika mu 1977, n'kuzitcha Genet, dzina la kanyama kamawangamawanga koyenda usiku. Zinaphunzitsa oyendetsa ndege a boma limene linkamenyana ndi omenyera ufulu, m'dziko limene Amalawi ambiri ankagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Zimbabwe italandira ufulu mu Epulo 1980, ndege zomwezo zinatsala ku Thornhill, ku Gweru, malo amene lero amatchedwa Josiah Tungamirai, n'kuyamba kuphunzitsa ana a anthu amene ankasakidwa aja.

Nkhaniyi imandisautsa. Ndikanakonda kuti kandege kophunzitsira kakhale kophunzitsira basi. Koma ndi mmene lilili luso lililonse. Mnyamata wodziwa foni akhoza kuthandiza agogo kulandira ndalama, akhozanso kuwabera ndi uthenga wabodza. Wodziwa malamulo akhoza kuteteza mayi wamasiye kapena kumulanda munda. Ife Angoni tikudziwa: chishango ndi mkondo zimene makolo athu anabwera nazo akuwotcha midzi, lero timavina nazo ingoma ku Hora pa Umthetho. Amene akuphunzitsa dzanja aziyang'ananso mtima wa mwini dzanjalo, chifukwa zokolekera mabomba sizichedwa kumangirira.

8. Wodziwa kwambiri ndiye awerenge mndandanda.

Pa 30 Okutobala 1935, ku Wright Field ku America, ndege yatsopano ya Boeing yotchedwa Model 299 inagwa itangonyamuka, anthu awiri n'kufa. Woyendetsa anali katswiri woyesa ndege, koma loko womanga zowongolera ndege ikaima sanamasulidwe. Ngozi imeneyi ndi imene inalimbikitsa mwambo wa mndandanda wolembedwa umene woyendetsa ndege amawerenga asananyamuke ndi asanatere. Wophunzira amazungulira kandege kake wapansi, akugwira mapiko, akuyang'ana matayala ndi oyilo. Amatsitsirako mafuta m'kabotolo koonekera kuti aone ngati muli madzi, poti madzi amalemera ndipo amakhala pansi. Potera amatsimikiza kuti matayala atuluka. Amatero ulendo uliwonse, ngakhale atauluka zaka makumi awiri.

Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Anyamata a kabaza amene amatinyamula pamsewu wa ku Boma, ndi angati amagwira buleki ndi tcheni m'mawa asanakweze mayi wa mwana kumsana? Mphindi ziwiri zokha.

9. M'chifunga usakhulupirire thupi lako.

Pano sindikunena za ngozi ya ku Chikangawa ija. Imeneyo ili ndi akatswiri amene anaifufuza, ndipo mabanja akadali ndi chisoni. Ndikunena za phunziro limene wophunzira aliyense amapatsidwa. Mkati mwa khutu la munthu muli timadzi timene timamuuza ngati waima chilili kapena wapendekeka. M'mitambo, maso akasowa pamene dziko lakumanirana ndi thambo, timadzi timeneti timanama. Munthu amamva ndi mtima wonse kuti ndege ili bwino pamene ikupendekera pansi. Choncho amamuphimba kuti asaone kunja, n'kumuphunzitsa kukhulupirira mawotchi a kutsogolo kwake ngakhale thupi likukana. Amamuphunzitsanso kuti kubwerera pamene nyengo yaipa si manyazi.

Chifunga chathu ndi mkwiyo, nsanje ndi chisoni. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, mtima umanena motsimikiza kuti wamulodza ndi gogo uja wa kuseri kwa mudzi. Kutsimikizako kumakhala kwenikweni, monga kwa woyendetsa ndege wopendekeka, ndipo agogo osalakwa amenyedwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha kutsimikiza kotere. Pa nthawi ngati imeneyo munthu amafunika china chosagwedezeka ndi mtima wake: zimene apeza a chipatala, lamulo la dziko, Mawu a Mulungu, kapena mkulu mmodzi wodekha amene anganene kuti tiyeni tigone kaye, tikambirana mawa.

10. Tsiku limafika loti mphunzitsi atsike.

Patapita maola angapo akuuluka limodzi, mphunzitsi amauza wophunzira kuti aime pambali pa msewu wa ndege. Amamasula malamba, amatsika, n'kumuuza kuti anyamuke yekha, azungulire bwalo kamodzi, atere. Amati solo. Oyendetsa ndege amanena kuti tsiku limeneli saliiwala, ndipo ambiri amakumbukira mmene ndege inapepukira ndi mmene mpando wapambali unaonekera wopanda munthu. Koma ine ndimaganizira mphunzitsi uja, ataima pa udzu, manja opanda ndodo, akungoyang'ana kumwamba. Alipo makolo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo amene safuna kutsika mpaka imfa iwatsitse, ndipo otsalawo amayamba solo yawo pa tsiku la maliro.

Muphwa wanga uja ndinamufotokozera zonsezi pang'onopang'ono, madzulo angapo. Anamvetsera, koma chimene chinamukhudza kwambiri chinali cha ng'ombe ziwiri pa goli. Chilimwe chonse anayenda nane pa ngolo, iye chingwe, ine pambali. Kawiri anakhota mothina tayala n'kugwera m'ngalande, tinatsitsa matumba n'kukwezanso. Loweruka lina m'mawa titamanga ng'ombe n'kukweza matumba anayi a kuchigayo, ndinamupatsa chingwe osakwera.

"Asibweni, simukwera?"

"Ndakupatsa. Walandira?"

Anandiyang'ana kanthawi. "Ndalandira."

Ndinaima pa sangweni mpaka fumbi la ngolo litazimiririka kuseri kwa mitengo ya mango ya kwa aneba, kenaka ndinakatenga khasu. Sindinalime mzere ndi umodzi womwe kufikira nditamva kulira kwa matayala akubwerera dzuwa lili pamutu.